Kanyanga ka m'galimoto

Lachitatu, pa 29 Meyi, nthawi ya 7:40 m'mawa, a Sajeni anatsegula fayilo imene inali ndi mapepala atatu okha. Pepala loyamba linali dandaulo la manijala wa kampani yoika magetsi a sola: mabatire makumi awiri ndi anayi asowa m'chipinda chosungira katundu. Pepala lachiwiri linali lochokera m'kompyuta, losonyeza kuti mabatirewo sanatulukepo m'chipindacho. Lomaliza linali la mayi wosunga makiyi, amene anagwidwa dzulo lake nthawi ya 3 koloko masana, ndipo ankayembekezeka kukaonekera kukhoti Lachinayi m'mawa.

A Sajeni anali atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Bondo lakumanzere linkawavuta, ndipo pa desiki panali mafayilo ena khumi ndi awiri. Iyi inkaoneka yophweka. Mafayilo ooneka ophweka ndi amene ankawatopetsa kwambiri.

Anaitanitsa mayiwo. Anthu a ku kampani ankangowatcha Amakiyi. Atakhala pa benchi, dzanja lawo linkapitabe m'chiuno, pamene makiyi analendewera zaka khumi ndi zinayi.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Amadzuka ndi amene wagona, a Sajeni. Pa simenti munthu amangosintha mbali yopweteka."

"Mabatire ali kuti?"

"Anatuluka. Ndinawatulutsa ndine, anayi anayi, kasanu ndi kamodzi. Ankatenga ndi a Kapitawo, ati akupita nawo ku ntchito za kunja kwa tauni."

"Masiku ake?"

"Lachisanu, kudumpha sabata imodzi, kuyambira mu Malichi. Masana, anthu akapita kukadya."

"Anasayina pati?"

"Mapepala tinasiya zaka zitatu zapitazo. Zonse ndi m'kompyuta. Ndimalemba katundu, ndimalemba kuchuluka kwake, kenako m'kabokosi ka m'munsi ndimalemba kumene wapita. Ndikadina batani pamabwera mawu obiriwira akuti Zasungidwa. Maulendo onse asanu ndi limodzi ndinawaona ndi maso angawa."

"Kompyuta ikukana."

"Ndiye kuti yapenga. Kapena ndapenga ndine, zimachitika."

"Inu mukulemba, a Kapitawo ankakhala pati?"

"Pamsana panga ngati nkhupakupa. Bambo amenewo anali mphunzitsi kale, ndiye tonse amationa ngati ana a sitandade 3. Ine kulemba kwanga n'kwa chala chimodzi. Iwo akaima kumbuyo, 'Mayi, Chichewa sitilemba choncho,' n'kudutsitsa dzanja pa phewa panga kukonza. Ine wa zidzukulu ziwiri!"

A Sajeni analemba zonse, ngakhale dandaulo lomalizali. Cholembera chawo chinazolowera kuyenda chokha.

"Pulogalamu ya m'kompyutamo anapanga ndani?"

Amakiyi anayang'ana pansi.

"Mlamu wanga. Mng'ono wa malemu amuna anga. Ntchito imeneyo ndinamupezera ndine. Chonde musamuvute, ali ndi ana aang'ono."

*

Nthawi ya 9:25 a Sajeni anafika pa geti ya kampani. Mlonda anali bambo wokalamba wa chipewa chotha mtundu, ndipo buku lake la pa geti analikutira ndi pulasitiki.

"Ine, bwana, za m'kati mwa galimoto sindiona. Sanandipatse mphamvu imeneyo. Ndimalemba nambala, ndimalemba nthawi, ndimalemba amene wagwira chiwongolero. Basi. Koma maso sapempha chilolezo."

"Maso anaona chiyani?"

"Matayala. Galimoto ikakhuta imakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Ikakhala ndi njala imadumphadumpha pa mwala uwo."

A Sajeni anatsegula bukulo n'kuyamba kutsata Lachisanu lililonse. Masiku ambiri kagalimoto koyera ka kampani kankatuluka ndi dalaivala. Koma pa 8 Malichi, 22 Malichi, 5 Epulo, 19 Epulo, 3 Meyi ndi 17 Meyi, woyendetsa anali a Kapitawo, okha, pakati pa 12:30 ndi 1 koloko masana. Anakopera masikuwo ndi mphindi zake.

"Masiku amenewa inali yokhuta?"

"Yokhuta popita, yanjala pobwera. Koma musanditchule, bwana. Ndatsala ndi chaka chimodzi kuti ndipume."

"Ine ndatsala ndi zinayi," anatero a Sajeni, n'kubweza bukulo.

*

A Kapitawo anali mu ofesi yaing'ono pafupi ndi chipinda cha katundu. Malaya awo anali ositidwa mpaka m'mapewa, ndipo m'thumba munali zolembera ziwiri, chakuda ndi chofiira. Pa chitseko chawo panali pepala losindikizidwa lakuti OSASUTA MCHIPINDA MUNO. Pakati pa M ndi C wina anali ataikapo kanyanga kofiira, koongoka bwino.

"N'zomvetsa chisoni," anatero a Kapitawo, akuwongola mapepala amene anali kale owongoka. "Mayi aja tagwira nawo ntchito nthawi yaitali. Koma umphawi uli ndi zochita zake."

"Akuti mabatire anapatsa inu."

"Womira amagwira chilichonse, ngakhale thovu. Umboni ndi zolembedwa, a Sajeni. Mawu a pakamwa ndi mphepo."

"Masiku asanu ndi limodzi a Lachisanu munatuluka nokha ndi galimoto."

"Ndinatuluka. Kapitawo amayendera ntchito, ndiye udindo wake. Ndinkanyamula makwerero ndi zipangizo, n'kukazisiya kwa anyamata. Funsani aliyense."

"Mlonda amati galimoto imakhala yolemera."

"Tikatsata malamulo, a Sajeni, tinene kuti inkakhala, osati imakhala, poti tikukamba za kale." Anamwetulira pang'ono. "Pepani, ndi chizolowezi. Ndinaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu."

A Sajeni analemba kuti inkakhala, n'kutseka kope.

Manijala anakumana ndi a Sajeni pa khonde, foni ili kukhutu, ina ili m'manja.

"Mayi Sajeni, ine nkhaniyi ndathana nayo. Kuwerenga tinawerenga Lolemba, pa 27. Kompyuta ikuti mabatire alipo 140, pa mashelefu pali 116. Makiyi ali ndi munthu mmodzi. Pamenepa pakufunikanso wapolisi?"

"Kompyutayo singalakwitse?"

"Kompyuta ilibe m'bale, mayi. Ilibe njala. Ngati mukufuna kukaika, kaikirani amene anaipanga, poti ndi mlamu wa wakubayo. Ndamuitana kale kuti aiyeretse."

"Kuiyeretsa?"

"Kufufuta zonse, tiyambe mwatsopano. Lolemba kukubwera wosunga katundu wina."

"Wa kompyutayo abwera nthawi yanji?"

Manijala anayang'ana wotchi.

"Ali m'katimo kale. Walowa 10 koloko."

Inali 10:34. A Sajeni anaiwala bondo.

*

Chipinda cha katundu chinali chotentha, chonunkha makatoni ndi mphira. Kompyutayo inali pa tebulo la pakona, yakale, yotuwa ndi fumbi, ndipo pa kiyibodi zilembo zina zinali zitafufutika. Patsogolo pake panakhala bambo wa zaka pafupifupi makumi atatu ndi zisanu, maso ofiira, chikwama cha laputopu chili pa miyendo. Ku kampani ankamutcha Zimitsani, chifukwa aliyense akamuimbira foni kuti kompyuta yavuta, yankho lake loyamba linali lakuti, "Zimitsani, muyatsenso."

"Chotsani manja pamenepo, achimwene."

Zimitsani anakweza manja onse awiri.

"Sindinayambe, a Sajeni. Ndimakopera kaye zolembedwa za katundu. Zatsala mphindi zisanu."

"Mphindi zisanuzo ndazilanda. Mlamu wanu akuti analemba, kompyuta inati Zasungidwa, koma palibe chimene chinasungidwa. Zingatheke?"

"Sizingatheke." Anayankha mofulumira ngati munthu amene wayankha funsolo kambirimbiri. "Pulogalamuyi yagwira ntchito zaka zitatu. Dzulo lonse ndakhala ndikufufuza m'detabesi, mmene mumasungidwa zonsezi. Ndinaona ngati analemba pa tsiku lolakwika, palibe. Ndinaona ngati wina anafufuta, palibe. Ndinaona ngati magetsi anazima ali m'kati molemba, ayi. Ndayang'ana ngakhale wotchi ya kompyuta."

"Yesani ndikuona."

Zimitsani analowa pa dzina loyesera. Anasankha batire, analemba 4, m'kabokosi ka m'munsi analemba kuti kuyesa, n'kudina batani. Mawu obiriwira anabwera: Zasungidwa. Anatsegula zenera lina, la mndandanda wa zotuluka, ndipo mzerewo unali pamwamba. Anachita kachiwiri. Anachita kachitatu ndi mawu aatali, kachinayi osalemba kanthu. Zonse zinasungidwa.

"Mwaona? Kwa ine zikuyenda."

"Mlamu wanu amaliona zenera la mndandandali?"

"Ayi. Limatseguka kwa manijala, kwa a Kapitawo ndi kwa ine. Anafuna choncho ndi manijala."

A Sajeni anakoka katoni n'kukhalapo. Bondo linali litayamba kukumbutsa za kuthamanga kuja. Anatsegula kope, n'kuwerenganso zimene Amakiyi ananena m'mawa, mzere ndi mzere, mpaka pa dzanja lodutsa pa phewa. Kenaka anaimirira.

"Sunthani."

Anakhala pa mpando wa Amakiyi. Anasankha batire, analemba 4. M'kabokosi ka m'munsi analemba ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, mmene anaphunzirira kusukulu: Zapita m'galimoto ya a Kapitawo. Anadina batani.

Zasungidwa.

"Tsegulani mndandanda."

Zimitsani anatsegula. Pamwamba panali mizere inayi yake ija. Wa a Sajeni panalibe. Anatseka zenera, analitsegulanso. Panalibe.

"Kodi tizimitse, tiyatsenso?" anafunsa a Sajeni.

Zimitsani sanaseke. Anawerama pafupi ndi sikirini, n'kuyang'ana mawu amene anali adakali m'kabokosimo. Milomo yake inayenda osatulutsa mawu. Kenako anakhala pansi penipeni, pa simenti, msana uli ku shelefu.

"Kanyanga," anatero. "Mayo ine, kanyanga."

"Fotokozani. Mwachichewa."

Anatulutsa laputopu, natsegula khodi, mizere ya malangizo a pulogalamuyo.

"Munthu akadina batani, pulogalamu imapanga chiganizo n'kuchitumiza ku detabesi. Mawu amene munthuyo walemba ndimawaika pakati pa tinyanga tiwiri, kena kotsegulira, kena kotsekera. Ndiye inu mwaika kachitatu pakati. Detabesi yawerenga zapita m, yakumana ndi kanyanga, yati mawu athera pomwepa. Zotsalazo, galimoto ya a Kapitawo, yaziona ngati zamisala. Yakana chiganizo chonse."

"Nanga Zasungidwa wachokera kuti?"

Zimitsani analoza mzere wina ndi chala.

"Apa. Mzere wa 212. Mawu amenewa amayenera kubwera pokhapokha zikatheka. Ine ndinawaika kumapeto, kunja kwa zonse. Zitheke, zikanike, amabwera basi."

"Ndiye munapanga mboni imene imangoti eya."

"Ndinkathamangira tsiku lopereka. Ndinati ndidzabwererako."

"Zaka zitatu, osaonekera?"

"Alamu saika kanyanga. Sadziwa ngakhale pamene kamakhala pa kiyibodi. Amalemba mmawa, mgalimoto, mkatoni, zonse zophatikiza."

A Sajeni anapukuta thukuta m'khosi.

"Detabesi ikakana, kukanako kumapita kuti? Kumangosowa?"

Zimitsani anadzutsa mutu. Anaimirira, nakoka kiyibodi.

"Ayi. Ndinati kuzilembedwa m'kafayilo kena ka zolakwika. Sindinakatsegulepo chiyambire. Sikali m'detabesi, kali pambali." Anasiya kulemba. "Sindinakakopere. Ndikanafufuta, kakanapita."

Kafayiloko kanatseguka. Kanali ndi mizere khumi ndi umodzi. Womaliza unali wa a Sajeni, wa 10:58 tsiku lomwelo. Mzere uliwonse unali ndi tsiku, nthawi, dzina la amene analowa, ndi chiganizo chimene chinakanidwa, chonse, mawu ndi mawu.

A Sajeni anaika kope lawo pambali pa sikirini. 8 Malichi, 12:36, dzina la Amakiyi, mabatire anayi, m'galimoto ya a Kapitawo. Buku la mlonda linati galimoto inatuluka 12:44. 22 Malichi, 12:41, geti, 12:50. Masiku onse asanu ndi limodzi anagwirizana, kusiyana kwake kosapitirira mphindi khumi.

Pamwamba pa imeneyi panali mizere ina inayi, ndipo inali pa dzina la a Kapitawo. Itatu inali ya Lachiwiri, pa 13 Febuluwale: 2:05, 2:07, 2:11, yonse yonena za mawaya obwezedwa m'bokosi. Wachinayi unali wa Lachinayi, pa 7 Malichi, 4:32 madzulo. Katundu wake anali msomali umodzi, ndipo mawu ake anali amodzi okha: m'mawa.

"A Kapitawo anayamba liti kulemba m'kompyutamu?"

"Pa 12 Febuluwale. Manijala anati azilemba katundu wobwerera."

"Ndiye tsiku lachiwiri lomwelo anapunthwa katatu. Munthu ngati ameneyo akapunthwa sakhala chete. Anauza ndani?"

Dzanja la Zimitsani linapita pa thumba la buluku, pamene panali foni, n'kukhala pomwepo.

"Achimwene," anatero a Sajeni motsitsa mawu, "tulutsani."

*

Uthengawo unali wa pa 13 Febuluwale, 2:20 masana. Unali wolembedwa mwaudongo: "Bambo, pulogalamu yanu ikudana ndi nkhodolero. Ndikalemba mawu ngati m'bokosi, ikunena kuti zasungidwa koma pa mndandanda sizikuoneka. Chonde konzani."

Yankho la Zimitsani linali la 2:46: "Ndaona bwana. Pakali pano musamaike. Ndikonza Lolemba."

"Nkhodolero ndiye kanyanga komweka?" anafunsa a Sajeni.

"Ndi dzina lake la kusukulu."

"Lolemba liti?"

"Sabata imeneyo mwana anali m'chipatala. Kenako makina osindikizira a kasitomala wina anavuta. Kenako ndinaiwala. Ndikulumbira, a Sajeni, ndinaiwaliratu. Ndakumbukira pomwe ndaona mawu anuwa."

A Sajeni anawerenga pa kalendala ya pakhoma, chala chikutsika. Kuchokera pa 19 Febuluwale kufika pa 27 Meyi, Lolemba linadutsa kakhumi ndi kasanu.

"Mvetserani. Kafayiloka pakokha sikayankhula. Pakufunika munthu wosayina kuti pulogalamuyi imanama, kuti anaipanga ndi iye, ndipo anauzidwa mu Febuluwale koma sanakonze. Popanda zimenezo, mlamu wanu mawa 9 koloko ali pamaso pa woweruza."

"Manijala andithamangitsa lero lomwe."

"Mosakayika."

"Ndili ndi makasitomala ena asanu ndi awiri. Onse pulogalamu yake ndi yomweyi. Zikamveka..."

"Onse ali ndi kanyanga komweka?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

A Sajeni anatulutsa pepala la sitetimenti n'kuliika pa katoni. Kunja galimoto ina inkabwerera m'mbuyo ikulira. Zimitsani anayang'ana pepalalo, anayang'ana mbedza yapakhoma pamene mlamu wake ankapachika juzi. Juziyo inali idakali pomwepo.

"Cholembera muli nacho?" anafunsa.

*

Nthawi ya 2:15 masana a Sajeni anagogodanso pa chitseko cha a Kapitawo. M'manja munali envelopu.

"Pepani, aphunzitsi, kukuvutitsaninso. Ndi zongomalizitsa fayilo. Mundilembere zimene munachita Lachisanu pa 17 Meyi, kuyambira pofika mpaka poweruka. Dzanja langa latopa."

A Kapitawo anatenga cholembera chakuda. Analemba mphindi zisanu ndi ziwiri, osafufuta paliponse. A Sajeni analandira pepalalo n'kuwerenga mokweza.

"Ndinafika m'mawa. Ndinakhala m'chipinda changa. Ndinaika makwerero m'galimoto. Ndinalowa m'tauni." Anawerenga ndi nsonga ya cholembera. "Mizere isanu ndi inayi, tinyanga tisanu ndi tiwiri."

"Nkhodolero," anakonza a Kapitawo.

"Nkhodolero. Zikomo. Simudumpha ngakhale imodzi."

"Chinenero chili ndi malamulo ake."

A Sajeni anatulutsa mapepala m'envelopu n'kuwayala pa tebulo.

"Izi ndi zimene mwalemba m'kompyuta pa dzina lanu kuyambira pa 13 Febuluwale, nthawi ya 2:50. Mizere 186. Mbokosi. Mgalimoto. Mmawa. Mkatoni. Ndawerenga yonse, maso andiwawa. Nkhodolero palibe ndi imodzi yomwe. Chichewa munachiiwala liti, aphunzitsi?"

A Kapitawo anayang'ana mapepalawo osawagwira.

"Ndinauzidwa kuti ndisamaike. Wopanga pulogalamu ndiye anandiuza. Uthenga wake ndili nawo."

"Inenso ndili nawo. Ndiye mukuvomera kuti kuyambira tsiku limenelo munkadziwa zimene nkhodolero imachita m'kompyuta imeneyi."

Fani ya padenga inkazungulira osabweretsa mphepo.

"Ndinkadziwa kuti imavuta."

"Pa 7 Malichi, 4:32, munatulutsa msomali umodzi n'kulemba kuti m'mawa. Madzulo. Msomali umenewo unapita ku ntchito iti?"

"Sindingakumbukire msomali."

"Ine ndikuganiza kuti munkafuna kuona ngati dzenje lidakalipo. Mawa lake mabatire anayi oyamba anatuluka."

"Mayi aja ndi amene ankalemba, pa dzina lawo. Ngati anaika nkhodolero anaika okha."

A Sajeni anatulutsa mulu wina, wokulirapo, womangidwa ndi labala.

"Mizere ya mayi aja ndi iyi, ya zaka zitatu, 4,310. Mulibe nkhodolero. M'moyo wawo wonse wa pa kompyuta anaika kasanu ndi kamodzi kokha, ndipo maulendo onsewo inu munali mutaima kumbuyo kwawo." Anaika pepala lomaliza pamwamba, la kafayilo kaja. "Munawalola kulemba dzina lanu chifukwa munkadziwa kuti lisowa. Silinasowe, aphunzitsi. Kompyuta inkakana kusunga, koma inkalemba chimene yakana."

A Kapitawo anatenga pepalalo. Anawerenga mizere khumi yonse, pang'onopang'ono, ngati akuchonga mayeso. Maso awo anaima pa mzere wa pa 3 Meyi.

"Apa analemba galimto," anatero motsitsa mawu. "Sindinaone."

Anazindikira zimene anena mawuwo atatuluka kale. Anaika pepala pansi. Anatulutsa cholembera chofiira m'thumba, anachiyang'ana, n'kuchigoneka pa tebulo mowongoka, pambali pa chakuda.

"Zina ndiyankhula loya wanga akabwera."

"Ndi ufulu wanu. Tengani jekete. Za kumene kuli mabatire tikakambirana uko."

*

Mapepala otulutsira munthu anatenga maola awiri, chifukwa bwana woyenera kusayina anali ku msonkhano. Amakiyi anatuluka m'chitokosi nthawi ya 4:50. Pa kauntala anawabwezera chikwama, foni, mpango ndi ndolo imodzi; inayo akuti sinalembedwe m'buku. A Sajeni anawafotokozera zonse mwachidule, ataimirira, chifukwa akanakhala pansi sakanadzukanso msanga.

"Kanyanga," anatero Amakiyi. "Kaja ankaika a Kapitawo?"

"Komweko."

"Ine n'kumaona ngati akungondinyoza sukulu."

Zimitsani anali pa benchi ya panja, chikwama cha laputopu chili pakati pa miyendo. Manijala anali atamuimbira kale, ndipo foniyo sinathe mphindi imodzi. Ataona mlamu wake anaimirira, naweramitsa mutu.

"Alamu."

"Mlamu. Ana ali bwanji?"

"Ali bwino. Alamu, ine..."

"Akuti wasayina."

"Ndasayina."

"Ntchito?"

"Yatha."

Amakiyi anamanga mpango kumutu, osafulumira.

"Dzulo, pamene umafufuza osapeza kanthu, unaganiza chiyani za ine?"

Zimitsani anatsegula pakamwa, anatsekanso.

"Basi, usayankhe," anatero Amakiyi. "Ndamva. Tandiuze china. Kukonza kanyangako kumatenga masiku angati?"

"Ndakonza kale. Pa benchi pomwepa, ndikudikira."

"Ndafunsa kuti kumatenga nthawi yaitali bwanji."

Zimitsani anayang'ana nsapato zake.

"Mphindi khumi."

Amakiyi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Dzanja lawo linapita m'chiuno, linapeza palibe kanthu, linabwerera.

"Mphindi khumi," anatero. "Tiye, undinyamulire chikwama. Msana sukundilola."

A Sajeni anawayang'ana akutuluka pa geti, mayi patsogolo, mlamu m'mbuyo ndi zikwama ziwiri. Kenako anabwerera pa desiki yawo. M'buku la pa kauntala wapolisi wachinyamata anali atalemba kuti mayiyo watuluka mchitokosi nthawi ya 4:50. A Sajeni anatenga cholembera, anachiimika pakati pa m ndi c, n'kukhala choncho kwa kamphindi.

Anachibweza m'thumba, natsegula fayilo yotsatira.